N'chifukwa chani app yanu imagona foni ikangolowa m'thumba

Achinyamata athu ambiri kuno ku Harare amene akuphunzira kupanga ma app amafika pa vuto limodzimodzi, ndipo dandaulo lake limamveka chonchi: pa laputopu zonse zikuyenda, pa foni yanga zikuyendanso, koma ndangopatsa anthu akuti zimene analemba dzulo mpaka pano sizinafike ku seva, kompyuta ya pa intaneti imene imasunga data ya app. Nde munthu amayamba kukaikira code yake, kusintha apa kusintha apo, pamene nthawi zambiri code ilibe mlandu. Yakana ndi foni. Munthu akangothimitsa sikirini n'kuika foni m'thumba, app yanu yatsala ndi kupempha basi, woona kuti ipatsidwe mpata liti ndi Android kapena iOS, ndipo pena mpatawo saipatsa n'komwe.

Tiyambe talekanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazitchula ndi dzina limodzi loti background. Choyamba ndi pamene app ili pa sikirini munthu akuiona, koma inu mukufuna kukoka data pa intaneti kapena kuwerenga database. Ntchito yotereyi siichitikira pa main thread, msewu waukulu umene code ya app imayendamo, chifukwa thread imeneyo ndi yojambula sikirini ndipo pa foni ya 60 Hz imakhala ndi ma millisecond 16 okha pa chithunzi chilichonse. Mukaitsekereza masekondi 5 munthu atadina, Android imatulutsa uthenga uja woti app yauma, umene timati ANR. Izi n'zosavuta masiku ano, ku Kotlin, chilankhulo cholembera ma app a Android, kuli ma coroutine, ku Swift ya iPhone kuli async ndi await, ndipo AsyncTask ija imene ikadali m'mavidiyo akale a pa YouTube inapumitsidwa mu Android 11, isiyeni. Chachiwiri ndiye chodya mutu: app yachoka pa sikirini, mwina yaphedwa kumene, koma ntchito ikadalipo yoti ichitike.

Titenge chitsanzo cha kwathu konkuno. Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'tauni muno anayambitsa mabungwe a maliro, ndipo mpaka pano akadalipo ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi kwina. Tinene kuti mwapangira bungwe lotere app. Lamulungu masana anthu akumana, amayi osunga chuma akulandira zopereka, uyu madola 5 uyu madola 10, akulemba mu foni m'malo mwa kope lija lachikuto cholimba. Netiweki pamalopo ikubwera n'kumachoka, bandulo yatsala pang'ono, batire ili pa 22%. Akamaliza atseka foni, aiponya m'chikwama, ulendo kukakwera kombi. Funso lonse la nkhani ino ndi lakuti mayina ndi ndalama zimenezi zikafika bwanji ku seva, kamodzi kokha, popanda kutayika, foni ili m'chikwama chomwecho.

Kale pa Android zinali zophweka moipa. Umangoyambitsa Service, kachigawo ka app kogwira ntchito osaoneka pa sikirini, n'kuisiya ikuyenda, kapena kutchera alamu yodzutsa foni mphindi 5 zilizonse. Vuto linali loti aliyense amachita zomwezo, ma app 40 aliyense kudzutsa foni pa nthawi yake, batire kutha isanakwane 12 koloko. Chimene ambiri sadziwa n'choti kutumiza kauthenga kakang'ono sikudya batire kakang'ono. Ka wailesi ka mu foni kolumikizana ndi nsanja ya netiweki kakadzutsidwa sikagona nthawi yomweyo, kamakhalabe maso masekondi angapo kudikira ngati kubwere zina, nde ukatumiza tizidutswa 30 pa nthawi zosiyana walipira kudzukako ka 30. Zili ngati kombi ya pa siteji ya Copacabana, siinyamuka ndi munthu mmodzi ayi, imadikira idzaze kuti mafuta a ulendo umodzi anyamule anthu onse. Zonse zimene Google ndi Apple akhala akuchita pa nkhaniyi zaka zonsezi ndi kukakamiza ma app kudikirana kuti anyamukire limodzi.

Anayamba mofatsa. Mu 2014 Android 5.0 inabweretsa JobScheduler, yoti umangonena kuti ndili ndi ntchito yofuna netiweki, ndipo system imaiphatikiza ndi za anzako. Sanakakamize munthu. Mu 2015 Android 6.0 inabweretsa Doze ndipo apa mpamene zinthu zinasintha zenizeni. Foni ikakhala kuti sili pa tchaja, sikirini yathima, ili phee malo amodzi kwa kanthawi, imalowa tulo: ma app amadulidwa intaneti, ma wakelock, mapempho a app oti foni isagone, samveredwa, ma alamu wamba ndi ntchito zonse zimakankhidwira kutsogolo. Pakapita nthawi imatsegula kampata kakafupi kuti onse achite zawo, kenako itsekanso, ndipo foni ikamapitiriza kugona timipatati timatalikirana. Android 7 mu 2016 inaonjezera tulo tina topepukirapo togwira ngakhale foni ikuyenda m'thumba, komanso Data Saver imene imaletsa ma app kudya data yolipira ali kumbuyo. Android 8 mu 2017 inathetsa khalidwe lija losiya Service ikuyenda, app ikachoka pamaso pakangopita mphindi zochepa system imaimitsa ma Service ake. Android 9 mu 2018 inayamba kuika ma app m'magulu malinga ndi mmene mwini foni amawagwiritsira ntchito: active, working set, frequent, rare, ndipo pambuyo pake kunabweranso restricted. App ya bungwe la maliro imatsegulidwa mwina kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, nde musadzinamize, malo ake ndi kumunsi konko, kumene mpata umapatsidwa mwa apo ndi apo.

Tsono apa ndi pamene Harare imasiyana ndi kumene malamulowa analembedwera. Ziletso zambirizi zimagwira ntchito foni ikakhala pa batire, ikangolowa pa tchaja Doze imatha ndipo magulu aja amamasuka. Anthu amene anazikonza amaganiza za foni yogona pa tchaja usiku uliwonse m'nyumba ya Wi-Fi yosawerengera. Ifeyo tikukumbuka 2019 madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi kuthima mpaka maola 18 pa tsiku n'kumabwera anthu atagona, ndipo kumapeto kwa 2022 zinabwereranso. Foni ya kuno imakhala tsiku lonse pa batire, mwini wake wayatsa battery saver kuyambira m'mawa kuti ifike madzulo, Data Saver nayo ndi yoyatsa chifukwa bandulo ya Econet kapena NetOne si yoseweretsa. Kutanthauza kuti app yanu imakhala nthawi yake yambiri pamalo pamene malamulo onse akuluma nthawi imodzi, pamene inu poyesa munali ndi foni yolumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB, ikutchajidwa, Doze osabwera n'komwe. N'chifukwa chake kwa inu zimayenda.

Chida choyenera ntchito ngati yathuyi pa Android ndi WorkManager, imene Google inalengeza mu 2018 n'kuitulutsa yokhazikika mu 2019. Ubwino wake ndi woti ntchito mukaipereka imalembedwa mu database ya mu foni, nde app ingaphedwe, foni ingathime batire itatheratu n'kuyakanso mawa, ntchito ija ikadalipo ndipo idzayesedwa. Chimene sikulonjezani ndi nthawi. Ntchito yobwerezabwereza siingachepere mphindi 15, ndipo 15 imeneyo ndi poyambira chabe, ikhoza kukhala ola kapena maola angapo. Ikayamba kuyenda imapatsidwa mphindi 10, ikapitirira imaimitsidwa. Data yopatsirana pakati pa ntchito siipitirira 10 KB, choncho mndandanda wa zopereka musaukankhire mmenemo, ulembeni mu database ya mu foni, Room kapena SQLite, ndipo Worker, code imene imagwira ntchitoyo, akaziwerengere yekha.

Pamene ndimafuna tikhalitsepo ndi pa ma constraint, zimene mumati zikwanire kaye ntchito isanayambe, chifukwa zitsanzo za pa intaneti zimakopedwa osaganizira. Mupeza paliponse alemba kuti ntchito iyende pokhapokha netiweki ili UNMETERED, kutanthauza yosawerengera data ngati Wi-Fi, ndipo foni ili pa tchaja, ndipo zimaoneka ngati ulemu kwa mwini foni. Koma amayi osunga chuma aja kunyumba kwawo kulibe Wi-Fi. Mwina mwezi wonse foni yawo siigunda Wi-Fi ina iliyonse. Ntchito yanu idzakhala pa mzere mpaka kalekale, popanda error, popanda chilichonse chokuuzani, ndipo anthu adzangoti app iyi ndi yabodza. Mbali inayo nayo ilipo: ena ali ndi ka MiFi, kachipangizo kogawa Wi-Fi koma kogulira bandulo, foni imakaona ngati Wi-Fi wamba n'kumati ndi yaulere pokhapokha mwini wake akaisinthe yekha mu settings, nde inu n'kukankha zithunzi za malisiti 200 MB mukuganiza kuti palibe akulipira. Ine ndimaona kuti njira yabwino ndi kugawa katundu. Mayina ndi manambala ndi tinthu tating'ono, tipite pa netiweki iliyonse imene yapezeka. Zithunzi zichepetsedwe kaye kukula, ndipo mwini foni afunsidwe poyera ngati akulola kuti zipite pa data yake.

Za tchaja nazo muziganizire kawiri. Mukamangirira ntchito ku tchaja m'dera limene magetsi amabwerera nthawi imodzi usiku, mafoni onse a dera limenelo amadzuka limodzi n'kuthamangira ku seva yanu mphindi zomwezo, ka seva kotchipa kamene munabwereka n'kukomoka. Kuika kachedwedwe kosiyanasiyana ka mphindi zingapo pa foni iliyonse kumathetsa zimenezi ndi mizere iwiri ya code.

Ndiyeno pali bandulo ya WhatsApp, imene anthu ambiri kuno ndi imene amakhalira. Pamwamba pa sikirini 4G ikuoneka bwinobwino, mauthenga akulowa, koma seva yanu siifikika chifukwa bandulo imeneyo siitsegula kwina. Worker wanu akayesa n'kulephera abweze retry, asabweze failure, chifukwa failure ndiye kuti ntchito yatsekedwa. Retry imadikira masekondi 30 poyamba, kenako nthawiyo imawirikiza kawiri ulendo uliwonse mpaka kukafika maola 5. Mwaona vuto lake? Mayi aja agula bandulo yeniyeni ya tsiku limodzi 7 koloko m'mawa ndi cholinga choti zinthu zipite, koma ntchito yanu ili mkati modikira maola ake. N'chifukwa chake app iliyonse yotere ikhale ndi malo oonekera olembedwa kuti zopereka 14 sizinatumizidwe, ndi batani loti tumizani pano, ndiponso app ikangotsegulidwa iyese kutumiza nthawi yomweyo osadikira WorkManager. App ikakhala pa sikirini ziletso zonse zija palibe, mpata umenewo osautaya.

Koma choopsa kuposa kuchedwa ndi kubwereza. Taganizani: foni yatumiza madola 10 a bambo ena, seva yalandira n'kulemba, koma yankho loti ndalandira lisanafike kombi yalowa pamalo opanda netiweki. Foni ikudziwa kuti zalephera, seva ikudziwa kuti zatheka. Retry ikabwera madola 10 aja alembedwa kachiwiri, ndipo pa msonkhano wotsatira buku likuti m'thumba muli ndalama zimene mulibe, maso onse ali pa amayi osunga chuma amene sanabe kanthu. Izi zimaphwanya mabungwe komanso zimaipitsa mbiri ya munthu wosalakwa, si nkhani ya makompyuta yokha ayi. Mankhwala ake ndi oti chopereka chilichonse chipatsidwe nambala yakeyake, UUID, pa nthawi imene chikulembedwa mu foni, osati pa nthawi yotumiza. Seva ikaona nambala imene inaiona kale ingoyankha kuti ndili nayo, osalembanso. Ndipo mu foni chizindikiro choti chapita chiikidwe pokhapokha yankho la seva lafika. Mukachita zimenezi system ikhoza kupha ntchito yanu pakati ka 10, palibe chimene chionongeke. Ntchito yaitali nayo muidule tizigawo toti ikaphedwa ipitirire pamene inalekera, osayambanso pa 1 n'kudyanso data ya munthu.

Ena akatopa ndi zonsezi amathawira ku foreground service, ija yokhala ndi notification yosachoka. Ili ndi ntchito yake: nyimbo zikuimba, mapu akulondolera dalaivala, foni ikuyimbidwa, zinthu zimene mwini foni akudziwa kuti zikuchitika ndipo zikaima adabwa. Kuigwiritsa ntchito kuti app yanu isafe basi ndi kuba batire ya munthu amene sakudziwa kuti magetsi abwera liti. Google nayo yakhala ikutseka njira imeneyi chaka ndi chaka. Kuyambira Android 12 mu 2021 simungaiyambitse app ili kumbuyo kupatula pa zifukwa zowerengeka. Android 13 inapatsa mwini foni mphamvu yokana ma notification ndi malo oonera ma app amene akuyenda n'kuwaimitsa. Android 14 mu 2023 imafuna munene mtundu wa service yanu, ndipo Play Store imakufunsani chifukwa chake. Android 15 inaika malire a maola 6 pa maola 24 kwa mtundu wa dataSync, wotumiza ndi kukoka data. Ngati ntchito ili yofulumira koma yaifupi, WorkManager ili ndi expedited work, ngakhale nayo ili ndi mlingo wake. Ma alamu a nthawi yeniyeni asiyireni zinthu ngati kukumbutsa munthu kumwa mankhwala 8 koloko, chilolezo chake pa Android 14 sichibwera chokha kwa ma app ambiri, mwini foni ayenera kuchipereka.

Nanga uthenga wa maliro ukagwa usiku, woti mamembala onse amve msanga? Apa musalole foni izifunsa seva mphindi zilizonse kuti kuli chani. Seva ndiyo iuze foni kudzera ku Firebase Cloud Messaging, njira ya Google yokankhira mauthenga ku foni imene timati push, uthenga wa high priority umatha kudzutsa foni ngakhale ili mu Doze. Koma ukhale uthenga woti munthu auonadi, mukamautumiza kuti muzingodzutsira app mwakachetechete Android imazindikira n'kuyamba kuutsitsa. Ndipo poti nkhani ya maliro siidikira bandulo, SMS wamba yochokera ku seva ikhalepo ngati njira yachiwiri.

Zonse ndanenazi ndi Android mmene Google inailembera. Mafoni amene ali m'manja mwa anthu athu, amene amagulidwa ku Gulf Complex ndi m'mashopu a m'tauni, ndi ma itel, Tecno, Infinix, Samsung, Huawei, Redmi, ndipo kampani iliyonse imaonjezera kasungidwe kake ka batire pamwamba. Atatu oyambawo ndi a kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen. Pa Android yosasinthidwa ya Google munthu akakankha app kuichotsa pa mndandanda wa zotsegula, ntchito za WorkManager zimakhalabe. Pa mafoni ena kukankha komweko kumatengedwa ngati force stop, kuimitsa app mokakamiza, ndipo app yochitidwa force stop siidzukanso, kaya ndi alamu kaya ndi WorkManager kaya ndi push, mpaka mwini wake aitsegule ndi dzanja. Anthu athu kukankha ma app onse n'chizolowezi, amati akusunga batire. Tsamba la dontkillmyapp.com linapangidwira zimenezi, limafotokoza mtundu ndi mtundu wa foni kuti autostart kapena chilolezo cha batire chili pati. Onjezeraninso kuti mafoni ambiri otchipa ali ndi RAM ya 1 GB kapena 2 GB, akuyenda ndi Android Go, munthu akangotsegula kamera kapena Facebook app yanu yachotsedwa mu memory. Mukhoza kuonetsa munthu pokasintha settings, kamodzi, m'mawu omveka, koma kupempha mwachindunji kuti app yanu ichotsedwe pa ziletso za batire Play Store imalola kwa mitundu yochepa ya ma app.

Ku iPhone ndidutsako mwachangu poti kuno ndi ochepa, ngakhale achibale a ku Johannesburg ndi ku UK amene amasonkha nawo ambiri ali nazo. Apple sinayambe yalolapo ufulu umene Android inali nawo. App ikachoka pa sikirini imaumitsidwa pakangopita masekondi ochepa, mukapempha nthawi yomalizitsa mumapatsidwa pafupifupi masekondi 30. Kuyambira iOS 13 mu 2019 kuli BGTaskScheduler, yokhala ndi BGAppRefreshTask ya ntchito zazifupi za masekondi 30 omwewo ndi BGProcessingTask ya ntchito za mphindi zingapo imene imakonda kuyenda usiku foni ili pa tchaja. Mumangonena kuti isayambe nthawi yakuti isanakwane, zoti iyamba liti ndi za iOS, malinga ndi mmene munthuyo amatsegulira app yanu. Low Power Mode ikayatsidwa background refresh yaima, munthu akakankha app kuitseka yaimanso. Chodalirika kwenikweni ndi background URLSession, imene inabwera ndi iOS 7 mu 2013: mumapereka fayilo kwa system, iyo imatumiza yokha ngakhale app yanu ili chigonere, n'kudzakudzutsani zikatha. Amene mukulemba ndi Flutter kapena React Native, zida zolembera app imodzi ya Android ndi iPhone yomwe, musaganize kuti mwazemba, ma plugin anu pansi pake akuitana zinthu zomwezi ndipo malamulo ake ndi omwewa.

Poyesa, chingwe cha USB chisakupusitseninso. Pa laputopu pali adb, chida cholamulira foni ya Android, ndipo lamulo la adb shell dumpsys battery unplug limapangitsa foni kuganiza kuti yachoka pa tchaja ngakhale chingwe chili pomwepo, adb shell dumpsys deviceidle force-idle imailowetsa mu Doze nthawi yomweyo, ndipo adb shell am set-standby-bucket imakulolani kuponya app yanu mu gulu la rare kuti muone mmene ikhalire kumeneko. Zikatero bwerekani ka itel ka 1 GB, muikemo laini yokhala ndi bandulo ya WhatsApp yokha, yatsani battery saver ndi Data Saver, lembani zopereka 20, ndipo pakati potumiza yatsani airplane mode kenako mukankhe app kuitseka. Mawa lake mugule data, mutsegule app, mukawerenge ku seva ngati zafika 20 ndendende, osati 19 kapena 23.